Chiphaso Chimodzi, Tebulo Limodzi

Amayi ndi abambo a kuno ku Domasi, khadi la chipani mukulikumbukira? Popanda khadi, mumsika simunkalowa. Pa 14 Juni 1993 tinavotera nyali, khadi lija linatha.

Koma mapepala sanathe ayi. Ine ndinkagulitsa mpunga ndi matemba. Chiphaso chimodzi chokha ndinachiyendera kanayi, mpamba wanga n'kuthera m'basi. Ukafika, amvekere: "Abwana achokapo, mubwere mawa."

Zomba analandidwa likulu mu 1975, nadzakhala mzinda mu 2008. Khonsolo ikafuna kuti anthu atsegule zigayo ndi masitolo ogula mpunga wathu, chiphaso chizitengedwa pa tebulo limodzi, mtengo wake ulembedwe pakhoma, lisiti lizituluka pompopompo. Khansala akadzabwera kudzapempha voti, mudzamufunse: chiphaso chizitenga masiku angati?