Magitala a Rock ndi Banjo ya ku Thyolo

Mu 1975 gulu la ku Zambia lotchedwa WITCH lidatchuka ndi mbale ya "Lazy Bones!!". Mu 2023 lidabweranso ndi "Zango", momwe muli nyimbo ya "Waile". Magitala ake ngaukali, ng'oma nzolemera, ndipo achinyamata sakulakwa kuikonda.

Koma wothyola tiyi m'minda ya ku Thyolo, akatula dengu madzulo, amayeza nyimbo ndi muyeso wina: kodi ikunenapo za moyo wake? Malemu Alan Namoko, woimba wosaona wa m'boma lomwelo, adakopa Amalaŵi ndi banjo, poimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe, kufikira imfa yake mu 1995.

Oimba rock atsopano atolepo nzeru pamenepa. Phokoso limatha wailesi ikatsekedwa, koma mau okhudza mtima munthu amalaŵira nawo kumunda.