Ganyu wa pa intaneti: kodi tiikepo ndalama za m'bokosi?

Amayi anzathu nonse, kaya kwanu mumati banki mkhonde, chilimba, mukando, xitique kapena stokvel, takulandirani ndi manja awiri.

Ife a kumsika tapatsidwa mpata woti tikambe nkhani imene inatsala pang'ono kugawanitsa gulu lathu. Chaka chathachi amayi atatu anabwera kudzapempha ngongole, osati yokaoda kaunjika kapena zitenje, koma yogulira ana awo laputopu kuti azigwira ganyu pa intaneti. Ena anati tipereke, ena anakanitsitsa. Tinagwirizana kuti tiyambe tafufuza, ndipo zimene tinapeza ndi izi.

Misika ya ganyu ilipodi. Pa Upwork ndi pa Fiverr, munthu wa ku London kapena ku Dubai amalemba ntchito imene akufuna, monga kumasulira kalata, kujambula chizindikiro cha bizinesi kapena kukonza mavidiyo, ndipo wodziwa ntchitoyo amaigwira ali kwawo. Ku Joni ena mwa abale athu amapeza ntchito zoyeretsa m'nyumba kudzera pa SweepSouth, ndipo anyamata amaperekera chakudya pa njinga zamoto. Mwini msika sagwira ganyuyo. Iye amangodula msonkho, ngati mmene khonsolo imatidulira chiphaso. Fiverr imatenga madola 20 pa madola 100 aliwonse amene wogwira ntchito walipidwa.

Tinaona kuti ndalama zathu zingalowe m'malonda amenewa kudzera pa makomo atatu.

Khomo loyamba ndi kugula masheya a mwini msika. Upwork inalowa pa msika wa masheya wa Nasdaq mu 2018, Fiverr inalowa pa wa New York mu 2019. Nthawi ya Covid-19, anthu atabindikira m'nyumba, malonda awo anakwera kwambiri, moti kumayambiriro kwa 2021 sheya imodzi ya Fiverr inadutsa madola 300. Pofika kumapeto kwa 2023 inali pansi pa madola 30. Taganizirani, amayi, mwaoda tomato pa mtengo wa mu February, nkumugulitsa pa mtengo wa mu August. Ndalama zathu timagawana chaka chikatha, ena akudikira fizi, ena feteleza. Sitingayembekeze zaka zisanu kuti mtengo udzuke. Khomo limeneli tinalitseka.

Khomo lachiwiri ndi limene linatipweteka, ndipo sitibisa. Tisanamalize kufufuza, asanu mwa ife analowa m'gulu lina la pa foni limene linkati ukalipira ndalama yolembetsera uzipatsidwa tintchito todina zithunzi, ndipo ukabweretsa anzako uzilandira zambiri. Sabata ziwiri zoyamba analandiradi, nkuwonjezera mpamba. Sabata yachitatu nambala inasiya kupezeka. Mmodzi mwa ife anagulitsa mbuzi kuti abweze ngongole ya m'bokosi. Pa ganyu weniweni ndalama imachokera kwa kasitomala amene wamugwirira ntchito. Ukaona kuti ikuchokera kwa anzako amene wawakopa, dziwa kuti tsiku lina adzasowa wokopedwa.

Khomo lachitatu ndi kukongoza mwana amene akufuna kugwira ntchitoyo. Apa ndi pamene tinatsegula, koma pang'ono. Ubwino wake ndi woonekeratu: malipiro amabwera m'madola. Ife a ku Malawi sitinaiwale November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mpamba wathu nkusungunuka tili mtulo. Koma laputopu payokha si bizinesi. Pamafunika bandulo mwezi ndi mwezi, magetsi odalirika, Chingerezi chomveka ndiponso njira yolandirira ndalamazo. Mwana wathu akupikisana ndi anzake a ku India, ku Pakistan ndi ku Kenya. Chiyambireni ChatGPT mu November 2022, ntchito zina zophweka zolembalemba makasitomala akuzichita okha.

Choncho tinaika malamulo. Mwana ayambe waonetsa ntchito imene anagwirapo nkulipidwa, ngakhale pa kompyuta yobwereka. Wosaina ngongole ndi mayi ake, ndipo ayenera kukhala ndi geni yoti nkubweza ganyu atavuta. Ngongole zotere zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama za m'bokosi.

Mwa ana atatu aja, mmodzi yekha ndi amene anakwanitsa. Ndi mtsikana wojambula zizindikiro ndi zikwangwani. Miyezi itatu yoyamba sanapeze kasitomala wakunja ngakhale mmodzi, ndipo chiwongoladzanja ankalipira ndi mayi ake kuchokera pa benchi ya nyemba. Anayamba kutijambulira ife tomwe mapepala omata pa mabotolo a chiponde, zithunzizo nkuziika pa tsamba lake. Pano wabweza theka la ngongole. Awiri enawo tinawauza kuti adikire, ndipo mayi mmodzi mpaka lero satipatsa moni bwinobwino.

Pempho lathu kwa inu a m'mayiko ena ndi lakuti tiziuzana msanga. Akuba aja akatsekeredwa ku Lilongwe amakatulukira ku Chipata kapena ku Tete ndi dzina lina. Mukamva za gulu lolonjeza phindu la tsiku ndi tsiku, imbirani mlembi wa dera lanu musanatulutse ngakhale tambala.