Za Abale Athu Amene Asungidwa m'Manja mwa Boma

 Tawerenga zaka kuyambira 1889, pamene Murray ndi Vlok anamanga msasa pa Mvera. Koma ndifuna kuti tiwerengenso anthu ena amene mipando yao iri yopanda munthu lero, ndiwo odwala nthenda ya misala ndi opunduka ena amene anacoka kwao nalowa m'manja mwa Boma.

Imvani ciyambi cace. M'caka ca 1910 Boma la Nyasaland linapatula malo a odwala misala ku ndende ya Zomba, ndipo owasunga anali alonda a ndende. Cipatala ceni-ceni ca nthendayi cinatsegulidwa m'caka ca 1953. Cotero kwa zaka zoposa makumi anai wodwala anakhala monga wandende, ngakhale sanabe kanthu. Mbale wathu akatengedwa kunka ku Zomba, ulendo wace ngwa tsiku lathunthu, ndipo eni ace ambiri alibe ndalama ya kumtsata. Akagona ndi njala, kapena akamangidwa kosayenera, adzauza yani? Ndipo akanena, adzamkhulupirira ndani?

Malonjezo alipo ndithu. M'caka ca 2009 Malawi anabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu opunduka. M'caka ca 2012 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo la kuwacinjiriza, ndipo m'caka ca 2024 linadza lina latsopano m'malo mwace. Koma lamulo liri ngati khasu: likakhala pakhonde sililima munda. Pamene ofesi ya Ombudsman inafufuza m'caka ca 2017 za nyumba ya odwala misala ya ku Bwaila, ku Lilongwe, inapeza zolakwa m'kasungidwe ka odwalawo. Zolakwazo zinaoneka cifukwa wina anapita kukaona.

Munthu wosungitsidwa mbuzi za mnzace ayenera kuziwerenga pamaso pa mwini. Momwemonso Boma, popeza lalandira ana athu, liyenera kutiuza cimene adya, mankhwala amene amwa, ndi tsiku la kubwera kwao. Kufunsa izi si cipongwe iai, koma nchito ya mbale.

Cifukwa cace ndikupemphani, alaliki anzathu, kuti mulembe m'buku maina a onse a m'dera lanu amene ali ku cipatala cotere kapena ku sukulu yogonera ya akhungu ndi ogontha. Mpingo usonkhe ndalama ya ulendo, kuti mbale mmodzi akawaone. Mukapeza coipa, kanenani kwa mkuru wa za umoyo wa anthu pa Boma la Dowa kapena la Ntchisi. Akapanda kumva, lemberani Ombudsman kapena Bungwe la Ufulu wa Anthu. Ndipo wodwala akabwera, mumlandire, mumpatse munda wace ndi malo ace m'kacisi.