Gemu ya pafoni yokhudza umoyo: tidziwa bwanji kuti ikugwiradi ntchito?

Ndandondomeko ya lero ikuti ndiyankhule za magemu a pafoni ophunzitsa za umoyo. Koma ine ndikufuna tikambe funso limene timalidumpha: munthu akabwera n'kunena kuti gemu yake imasintha khalidwe la achinyamata, wadziwa bwanji?

Ife a kuno kwathu yankho timalidziwa kale. Mlangizi akabweretsa mbewu yatsopano ya mbatatesi, sitimangomvera pakamwa. Timadzala mizere ina mbewu yatsopano, ina yakale, munda womwewo, feteleza yemweyo, kenako timayeza zokolola. Kafukufuku wa gemu amayendanso choncho, kungoti m'malo mwa mizere pali anthu.

Chitsanzo chili ku Kisumu, m'dziko la Kenya. Akatswiri a Emory University ndi bungwe la KEMRI anapanga gemu yotchedwa Tumaini, yophunzitsa ana za kupewa HIV. Wosewera amasankhira anthu a m'nkhaniyo zochita, n'kuona zotsatira zake. Mu 2017 anayiyesa pa ana 60 a zaka 11 mpaka 14. Anawagawa mwa maere: ana 30 analandira foni yokhala ndi gemuyo kwa masiku 16, enawo ayi. Maerewo ndi ofunika, anzanga. Mukalola anthu kusankha okha, okonda kuphunzira ndiwo athamangire gemu, ndiye mudzatamanda gemu pomwe anawo anali ochangamuka kale.

Chida chachiwiri ndi foni yeniyeniyo. Imalemba yokha kuti mwana wasewera maola angati, wafika pati, wasiyira pati. Foni sichita manyazi.

Vuto lili pa chida chachitatu, mafunso. Tinene zoona, mayi wachikulire atakhala pamaso pako n'kufunsa kuti "unayamba wagonanapo ndi munthu?", ndani pano angayankhe mosazemba? N'chifukwa chake pali njira yotchedwa ACASI: umavala mahedifoni, mafunso ukumva wekha, n'kumadina yankho popanda wokuyang'ana. Zikumveka zabwino eti? Koma njirayi itayesedwa ku Balaka mu 2004 pa atsikana osakwatiwa, zinatuluka zodabwitsa. Amene anavomera kuti anagonanapo anali ambiri pakati pa ofunsidwa pamasom'pamaso kusiyana ndi a pakompyuta, pomwe nkhani ya kukhala ndi zibwenzi zingapo inkatuluka kwambiri pakompyuta. Ndiye chida chimene chimaoneka chamakono sichipambana paliponse. Ichi n'chifukwa chake ofufuza ena amayezanso magazi, osangodalira zonena munthu.

Ine maganizo anga ndi akuti masiku 16 angaonetse kuti mwana wadziwa zambiri, koma sangaonetse zimene adzachite akadzafika zaka 17. Eni ake a Tumaini anadziwanso zimenezi, moti anayambitsa kafukufuku wamkulu wotsatira achinyamata kwa zaka zingapo.

Tsiku lina ofufuza otere adzafika kuno ku Bembeke, mafoni ali m'chikwama. Musanasaine pepala lililonse, afunseni ngati kafukufukuyo anavomerezedwa ndi komiti ya NHSRC kapena COMREC. Funsani kuti mayankho anu akasungidwa kuti, ndipo adzawaona ndani. Ngati simunakwane zaka 18, nthawi zambiri makolo ayeneranso kuvomera. Muli ndi ufulu wosiya pakati popanda chilango. Ndipo maere akakuikani m'gulu losalandira foni, musakwiye n'kuyamba kubwereka ya mnzanu usiku. Mukatero mwasakaniza mbewu m'mizere, zokolola sizidzayezekanso.

A tcheya, ndaona manja awiri kumbuyoko, tiyambe ndi achemwali avala juzi yofiirawo.