Ufa sunathe m'mbiya



Ife a ku Gweru, ana a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Shurugwi, sitidzaiwala 2008. Ndalama ya Zimbabwe inasanduka mapepala, ndipo zonse tinasonkha pa chipereganyu sizinagule ngakhale buledi. Satana analowera pomwepo: miseche, kukayikirana, ena n'kumati msungichuma watidyera. Awiri anachoka.

Otsalafe tinkagwada m'nyumba ya mnzathu ku Mkoba, kumukumbutsa Mulungu zimene analonjeza mayi wamasiye wa ku Zarefati, zoti ufa sudzamuthera. Tinayamba kusonkha sopo ndi mafuta ophikira m'malo mwa ndalama. Madola a ku America atabwera mu 2009, anapeza buku lathu likadali lotsegula.

Awiri aja anabwerera. Ndi awo akuseka kumbuyoko.