KHOMO LA CILUNGAMO LIKHALE LA ONSE

Nkhani ya lero icokera ku mzinda wa Eugene, m'cigawo ca Oregon ku America, kumene Boma lalikulu la dzikolo linatsegula khoti yatsopano m'caka ca 2006.

Katswiri wojambula mapulani, Bambo Thom Mayne, anakuta nyumbayi ndi zitsulo zonyezimira zopindika-pindika. Zipinda zoweruziramo milandu anaziika m'mwamba, ndipo pakhomo lalikulu anaikapo makwerero otakata, kuti wolowa azindikire ukulu wa lamulo.

Koma anthu olemala a mumzindamo anadandaula. Mapulani oyamba anawapatsa lifti cabe, pamene anzao onse akwera makwerero poyera. Iwo anapempha njira yotsetsereka yopitamo njinga zao pakhomo lomwelo. Boma linayamba lakana, koma potsiriza linamvera ndipo njirayo inamangidwa.

Phunziro lace ndi ili: nyumba ya milandu ndi ya anthu onse. Cotero pamene mudzi ufuna kumanga khoti, sukulu kapena cipatala, komiti iyambe yafunsa nkhalamba ndi olemala ngati adzatha kulowamo. Kukonza colakwa papepala nkosabvuta, koma kugumula cipupa comangidwa kale kumadya ndalama za anthu.