Makalata Awiri pa Nyumba Imodzi

Omvera a ku migodi ndi a m'matauni, nkhani ya usiku uno ndi ya bvuto limene ambiri angalilakelake, koma limene limasowetsa tulo eni ace. Ndi bvuto la mwana amene wapempha malo pa masukulu awiri a udotolo, ndipo onse awiri amubvomera.

Taganizani za nyumba ya munthu wina wogwira nchito pansi pa mgodi ku Kitwe. Mwana wace wamkazi anakhoza bwino mayeso a sayansi amene amatsegula khomo la udotolo. Poopa kukanidwa, anapempha malo mbali ziwiri: ku University of Zambia ku Lusaka, ndi ku Copperbelt University, imene sukulu yace ya udotolo iri ku Ndola. Makalata a yankho anafika onse awiri m'mwezi umodzi, ndipo onse anati abwere. Tsiku limenelo amai ace analulutira, anansi nadza kudzamgwira canza. Koma m'mawa mwace mtsutso unabuka. Atate anafuna Lusaka, cifukwa dzina la sukuluyo analimva kuyambira ubwana wao. Amai anafuna Ndola, cifukwa ndi pafupi. Amalume sananene za dzina kapena za mtunda. Iwo anangofunsa kuti ndarama zidzacokera kuti. Mwini wace wa makalata anakhala cete pakati pao, namva mtima wace ukugawanika.

Bvuto lotere ndi la masiku ano. M'zaka za Northern Rhodesia, mwana wa dziko lino wofuna udotolo analibe sukulu kwao. Anayenera kumka ku Makerere ku Uganda, kapena ku Durban kumene sukulu ya udotolo inatsegulidwa mu 1951, kapena kutsidya kwa nyanja. Ndipo kuyambira 1963 ena anamka ku Salisbury, imene tsopano ndi Harare. Opita anali owerengeka, ndipo wopeza malo amodzi sanafunse za aciwiri. University of Zambia inayamba mu 1966, ndipo madotolo oyamba ophunzira pa sukulu yace ya ku Ridgeway anatsiriza mu 1973. Kwa zaka zambiri imeneyo ndiyo inali sukulu yokha ya udotolo m'Zambia. Ya ku Ndola inatsegulidwa mu 2011, ndipo pambuyo pace inachedwa ndi dzina la Michael Chilufya Sata. Ena anatsegulidwanso, a Boma ndi a anthu wamba. Cotero mwana wa lero ali ndi mwai umene agogo ace sanauone, koma mwai umenewo wadza ndi katundu wace, ndiye kusankha.

Akuru anati, ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Wosankha ndi maso okha amagwa. Pali mafunso anai amene banja liyenera kuwayankha lisanatsekere mwana katundu.

Funso loyamba ndi ili: kodi cikalata ca sukuluyo cidzamlola kugwira nchito kumene afuna kukacizako anthu? Ambiri amaganiza kuti dotolo ndi dotolo pali ponse, koma si tero ai. Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene pambuyo pace anakhala Pulezidenti woyamba wa Malawi, anacoka kwao ku Kasungu ali mnyamata, nagwira nchito ku migodi ya ku South Africa, ndipo mu 1925 anaoloka kumka ku America. Mu 1937 anatsiriza udotolo pa Meharry Medical College ku Nashville. Koma cikalata ca ku America sicinali cokwanira kuti acize anthu m'maiko olamulidwa ndi Britain. Anayenera kumkanso ku Edinburgh, kumene anakhoza mayeso ena mu 1941. Zaka zinai zinaonjezeka pa ulendo wace cifukwa ca cikalata. Comweconso ophunzira a ku Makerere anagwira nchito zaka zambiri monga othandiza a madotolo Acizungu, pa malipiro ocepa, kufikira mu 1957 pamene bungwe la madotolo la ku Britain linabvomereza cikalata cao. M'Zambia lero, bungwe lochedwa Health Professions Council of Zambia ndilo limabvomereza maphunziro a udotolo ndi kulemba madotolo m'buku asanayambe nchito. Kholo liri lonse lingathe kufunsa kumeneko ngati maphunziro a sukulu yakuti ndi obvomerezeka pa caka cimeneco. Kufunsa kumeneku kufunika koposa ngati imodzi ya masukuluwo ndi yatsopano kapena iri ku dziko lina.

Funso laciwiri ndi la cipatala. Udotolo suphunziridwa m'mabuku mokha. Zaka zoyamba mwana amaphunzira mapangidwe a thupi, kayendedwe ka mwazi ndi mphamvu za mankhwala. Koma zaka zotsiriza amazithera pambali pa kama wa wodwala, kumvetsera cifuwa, kupima mimba, kusoka bala ndi kuthandiza pa ubereki. Cifukwa cace wosankha sukulu akusankhanso cipatala. Ophunzira a ku Ridgeway amaphunzira pa University Teaching Hospital, cipatala cacikuru koposa m'dziko, kumene amatumizako odwala ocokera ku zigawo zonse, ndipo pafupi pomwepo pali cipatala ca matenda a khansa cimene cinatsegulidwa mu 2007. Kumeneko mwana adzaona nthenda zimene sizioneka kawiri-kawiri. Ophunzira a ku Ndola ali ndi Ndola Teaching Hospital ndi cipatala ca ana ca Arthur Davison, ndiponso mumzindamo muli nyumba yofufuza malungo ndi nthenda zina za maiko otentha, imene inayamba mu 1975 ndi dzina la Tropical Diseases Research Centre. Ndipo popeza ndi dziko la migodi, wophunzira kumeneko ali pafupi ndi nthenda zimene omvera ambiri azidziwa: pfumbi la mwala lolowa m'mapapo, cifuwa cacikuru, ndi mabala a pa nchito. Palibe cipatala cimene ciri ndi zonse. Cofunika kufunsa ndi ici: wodwala mmodzi amazingidwa ndi ophunzira angati, ndipo madotolo akuru amapeza nthawi yowaphunzitsa kodi? Wophunzira woima kumbuyo kwa anzace makumi awiri amaona misana yao yokha.

Funso lacitatu ndi la amalume aja, la ndarama. Maphunziro a udotolo amatenga zaka 6 kapena kupitirira, ndipo banja lisawerenge za caka coyamba cokha. Pali malipiro a sukulu, nyumba yogona, cakudya, mabuku, zida zopimira, ndi ulendo wa pa chuti. Kucokera ku Kitwe kumka ku Ndola ndi makilomita ngati 60. Kucokera ku Ndola kumka ku Lusaka ndi makilomita oposa 300. Mwana wa ku Ndola angathe kulandira thumba la ufa kucokera kwao pa Loweruka. Wa ku Lusaka adzagula zonse. Boma limathandiza ophunzira ena kupyolera mu Higher Education Loans and Scholarships Board, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016. Koma thandizo limeneli kwa ambiri ndi ngongole yobweza akayamba nchito, ndipo si onse opempha amene amalandira. Tsono munthu wa pa mgodi adziwa bwino kuti mtengo wa kopa umakwera ndi kutsika, ndi kuti ukatsika nchito zimatha. Ayenera kudzifunsa moona: ngati nchito itatha m'caka cacitatu, kodi mwanayu adzapitirira? Kulekeza udotolo pakati ndi cinthu cowawa, pakuti theka la dotolo silicizira munthu ndipo ngongole imatsala yonse.

Funso lacinai ndi la mwana mwini wace. Maphunziro awa ndi olemera. Wophunzira amagona mocedwa, amagwira mitembo m'cipinda cophunzirira, ndipo tsiku lina wodwala amene anamzolowera amatsirizika iye akuona. Ena amalimba akakhala pafupi ndi amai ao. Ena amaphunzira bwino akakhala kutali ndi maliro, maukwati ndi nchito za pa nyumba zimene sizitha, maka-maka kwa mwana wamkazi woyamba kubadwa. Palinso cinenero. Dotolo amapeza nthenda poyamba ndi makutu, pomvetsera m'mene wodwala afotokozera ululu wace. Ku Ndola odwala ambiri adzamlankhula m'Cibemba. Ku Lusaka adzamva Cinyanja kawiri-kawiri, pamodzi ndi zinenero za dziko lonse. Cimeneci sicingaletse munthu, pakuti dotolo wa Boma amatumizidwa kuli konse, koma ndi cinthu coyenera kuciganizira.

Pali zina zimene zimalemera m'mtima koma pa sikelo ndi mankhusu. Kumene kwamka bwenzi la pa sukulu, kukongola kwa nyumba zojambulidwa pa pepala, ndi kunyada kwa kholo pocezera anzace ku bwalo la mowa, zonsezi zimatha caka coyamba cisanathe. Wodwala wogona pa kama safunsa kuti dotolo anaphunzira kuti. Amafunsa ngati adziwa nchito yace ndi ngati ali ndi cifundo.

Banja la ku Kitwe lija linacita mwanzeru. Safunsa anadya phula. Cotero mtsikanayo anamka ndi amalume ace kukaona masukulu onse awiri. Sanathere kwa akuru a mu ofesi okha, koma anafuna ophunzira a zaka zotsiriza, nawafunsa za malo ogona, za aphunzitsi ndi za mayeso. Atabwerako, analemba pa pepala ndarama za zaka zonse, mbali iyi Lusaka, mbali iyo Ndola, naika pepalalo pamaso pa atate wace.

"Atate," anatero atagwada, "ndadziwa kuti mtima wanu uli ku Lusaka, ndipo sukuluyo ndaiona, ndi yabwino ndithu. Koma taonani ciwerengero ici. Kumbuyo kwanga kuli ang'ono anga atatu, ndipo inu mwatsala ndi zaka zocepa pa mgodi. Ndikamka ku Ndola, ndidzatsiriza popanda kuwatsekera iwo njira."

Atatewo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Potsiriza anati, "Mwana wanga, ine ndinafuna dzina, iwe wawerenga zaka. Pita kumene udzatsiriza."

Omvera asaganize kuti Ndola ndiyo yankho la nyumba iri yonse. Mwana wa ku Matero kapena wa ku Chipata, wokhala ndi azakhali ace mu Lusaka, akawerenga motero angapeze yankho lina, ndipo adzakhala atakhoza. Cimene ciri cimodzi kwa onse ndi njira ya kawerengedwe: cikalata, cipatala, ndarama, ndi mphamvu za mwana.

Catsala cinthu cimodzi cimene ambiri amaciiwala. Kalata yobvomera imachula tsiku limene wophunzira ayenera kuyankha kapena kudzalembetsa, ndipo tsikulo likapita malo angathe kupatsidwa kwa wina. Mapanga awiri abvumbwitsa. Wozengereza pofuna kusunga malo onse awiri angataye onse. Ndipo wosankha sukulu imodzi ayenera kulembera inzace msanga, mwaulemu, kuti sadzabwera. Kwina kwace, ku Mongu kapena ku Lundazi, kuli mwana amene anakhoza bwino koma malo anamthera, ndipo mpando wosiyidwawo ungakhale wace. Mtsikana wa ku Kitwe analemba kalata yotero usiku womwewo, atate wace asanamke ku nchito ya m'mawa, ndipo iwo eni ndiwo anainyamula kukaitumiza.